Muyeso Wosanama

1. Pa Msika wa Lilongwe

Mwana aliyense amene anafikako ku Lilongwe adziwa kuti mzindawo uli ndi mbali ziwiri. Kumpoto kuli City Centre, kumene kuli nyumba zazikulu za Boma, pakuti likulu la dziko linachoka ku Zomba ndi kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Kumwera kuli mzinda wakale, ndiwo Old Town, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe; ndipo kumeneko ndiko kuli msika waukulu.

Pa msikawo pafika zinthu za mitundumitundu: usipa wa ku nyanja, mbatata ya kachewere ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, nyemba, mpunga, ndi mtedza wa ku Mchinji, ku Dowa ndi ku Kasungu. Ogula nawonso ali a mitundumitundu. Ena adza pansi kuchokera ku Kawale ndi ku Mchesi. Ena adza pa galimoto kuchokera ku nyumba za mipanda ya njerwa za ku Area 10 ndi ku Area 43. Koma onsewo, olemera ndi osauka omwe, akonda ndiwo zotendera ndi phala la nsinjiro.

Pakati pa ogulitsa mtedza panali mayi wina wamasiye, amene anali ndi ana awiri: mtsikana wa Fomu 3 ku sukulu ya sekondale, ndi kamnyamata ka zaka 3. Mayiyo ankagula mtedza wa makoko kwa alimi a ku Mitundu, nauswa kunyumba madzulo pamodzi ndi mwana wake wamkaziyo. Njere zazikulu ndi zosalala ankaziunjika m'lichero kuti ogula azione; koma njere zazing'ono, zosweka ndi zokwinyika, ankazisinja, nagulitsa nsinjiro zake pa mtengo wotsika. Zotsala ankatendera nazo phala la kamnyamata kaja m'mawa uliwonse. Ndalama za mtedzawo ndizo zinalipira nyumba, ndizonso zinalipira sukulu.

2. Kalata ya Mphunzitsi

Mtsikanayo anakonda phunziro la Chemistry koposa maphunziro onse. Phunziroli ndilo lofufuza zimene zili m'kati mwa zinthu, monga madzi, mchere, dothi ndi zakudya, ndi umo zisandulikira zikasakanizidwa. Mphunzitsi wake poona khama lake, anamlembera kalata yompemphera malo ku labotale ina ya ku Chitedze, kuti akathandize nchito pa tchuthi chachikulu cha mwezi wa Ogasiti, wopanda malipiro.

Chitedze ndi malo a Boma ofufuzirako za ulimi. Ali pa mtunda wa makilomita 16 kuzambwe kwa Lilongwe, pa msewu wa ku Mchinji, ndipo anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Kuyambira 1982 kuli komweko akatswiri a bungwe la ICRISAT, amene afufuza za mtedza. Labotale ndiyo nyumba yoyezeramo zinthu. M'menemo muli masikelo, mabotolo ndi makina.

Amake sanakondwere msanga, pakuti pa tchuthi ndi pamene mwanayo ankawathandiza pa msika. Koma atalingalira anati, "Pita, mwana wanga. Ine ndinalekera sukulu panjira. Iwe ukaone zimene ine sindinaone."

3. Sabata la Mabotolo

Tsiku loyamba mtsikanayo analawira mbandakucha, nakwera minibasi ya ku Mchinji, mtima uli dyokodyoko. Anayesa kuti tsiku lomwelo adzasakaniza mankhwala ofuka utsi. Koma mkulu woyeza, bambo wa imvi ndi wa mawu ochepa, anampatsa chovala choyera ndi magolovesi, namsonyeza mulu wa mabotolo, nati, "Tsuka awa."

Anamuuzanso malamulo atatu. Loyamba: m'nyumba muno sadyeramo kanthu, salawa kanthu, ndipo sanunkhiza botolo. Lachiwiri: chinthu chilichonse chilembedwe dzina kapena nambala chisanaikidwe pa thebulo. Lachitatu: chimene waona uchilembe m'buku nthawi yomweyo, ndi inki, monga momwe wachionera.

Masiku asanu anatha mtsikanayo akungotsuka. Botolo lililonse analitsuka ndi sopo, nalitsukuluza kangapo, potsiriza nalitsukuluza ndi madzi otcheza, amene mulibe mchere kapena dothi. Tsiku lachisanu analimba mtima nati, "Bambo, kodi ine ndinadzera mbale kuno? Mbale ndimatsuka ndi kwathu komwe."

Mkuluyo sanapse mtima. Anatenga botolo limodzi, naliunika pa zenera, nati, "Mwana iwe, chimene tifuna muno ndi chaching'ono koposa fumbi. Kadontho kamodzi ka dzulo kakatsala m'botolo ili, muyeso wa lero udzanamizira mlimi wosalakwa. Wotsuka ndiye woyamba kuyeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

4. Chiphe Chosaoneka

Tsono chinthu chaching'onocho n'chiyani? Ana inu mwaonapo chuku, chimene chimera pa chimanga kapena pa mtedza wosungidwa ponyowa, chooneka ngati ufa wobiriwira. Chuku chili cha mitundu yambiri. Mtundu wina, umene akatswiri autcha Aspergillus flavus, ukhala m'dothi. Ndipo ukalowa mu mtedza kapena m'chimanga utulutsa chiphe chotchedwa aflatoxin.

Anthu anachizindikira chiphechi m'njira yomvetsa chisoni. M'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000, eni ake osadziwa chozipha. Akatswiri atafufuza anapeza kuti zonsezo zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wogaya wochokera ku Brazil, ndi kuti mu mtedzawo munali chuku. Ndiponso m'chaka cha 2004 ku Kenya kunamwalira anthu 125 atadya chimanga chokhala ndi chiphe chomwechi.

Imfa yadzidzidzi yotere ichitika pamene chiphe chachuluka kwambiri. Koma kawirikawiri munthu adya pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, osamva kanthu. M'menemo chiphecho chikuwononga chiwindi, ndipo chikhoza kuyambitsa khansa ya m'chiwindi. Madokotala aonanso kuti ana amene adya chiphechi kawirikawiri, ambiri a iwo akhala opinimbira. Choopsa china ndi ichi: kukazinga kapena kuphika sikuchichotsa. Chuku chikhoza kufa pa moto, kapena kupukutika osaonekanso, koma chiphe chake chitsala m'njere.

Chifukwa chake maiko aika malire. Maiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union salola mtedza wodya anthu ngati chiphecho chipitirira magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Kuti mumvetse kuchepa kwake, werengani motere. Tinene kuti njere imodzi ya mtedza ilemera theka la galamu. Pamenepo m'thumba la makilogalamu 50 mulowa njere 100,000, ndipo m'matumba 10,000 mulowa njere 1,000,000,000. Tsono magawo 4 aja ali monga njere 4 zokha m'matumba 10,000. Diso la munthu silingathe kuona chinthu chotere, chifunika muyeso.

5. Umo Ayezera

Sabata lachiwiri mkulu uja anayamba kumphunzitsa mtsikanayo nchito yeniyeni. Mtedza wodzayezedwa unkafika m'timatumba, kathumba kalikonse ndi nambala yake. Poyamba ankaugaya wonse kufikira utasalala, nausakaniza bwinobwino. Pakuti chiphe sichikhala m'njere zonse mofanana, ndipo njere imodzi yoipa ikhoza kubisala pakati pa zabwino mazana. Atatero ankatapako pang'ono, nayeza pa sikelo, nathiramo madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa methanol. Mankhwalawa aoneka ngati madzi, koma womwa achita khungu kapena kufa kumene; nchito yake ndiyo kusungunula chiphe kuti chituluke mu mtedza. Kenaka ankakhutchumula botolo nthawi yaitali, nasefa pa pepala losefera.

Madzi osefedwawo ankawadontheza m'kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje 96. M'timaenje toyamba ankaikamo chiphe chodziwika kale kuchuluka kwake, kuti chikhale chofanizira, monga umo wogulitsa nsalu ayambira kuona ngati ndodo yake yoyezera ili yokwana. Pambuyo pake ankathira mankhwala ena mwa dongosolo lake, nadikira maora, kufikira m'timaenjemo mutaoneka mtundu wachikasu.

Apa mtsikanayo anadabwa. Iye anayesa kuti kadzenje kachikasu kwambiri ndiko koipa. Koma mkuluyo anamuuza kuti m'kayezedwe kameneka zili mosemphana. Pamene palibe chiphe, chikasu chituluka chambiri. Pamene chiphe chachuluka, kadzenjeko kakhala kotuwa. Makina ndiwo aona kukula kwa chikasucho, ndipo powerengera patuluka nambala. Nchito ya mtsikanayo inali kulemba manambalawo m'buku lalikulu.

Tsiku lina mkuluyo anazimitsa nyali zonse, nayatsa nyali ina ya mtundu wake, namsonyeza chiphe chili kuwala mumdima, china mobiriwira ngati thambo, china mobiriwira ngati msipu. Mtsikanayo anati, "Ha! Kukongola kwake!" Mkuluyo anati, "Inde, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

6. Kathumba ka Nambala 17

Sabata lachitatu a ku labotale anapita ku msika wa Lilongwe kukagula mtedza ndi nsinjiro kwa ogulitsa osiyanasiyana, kuti aone zimene anthu a mu mzinda akudya. Sanalembe maina a ogulitsa, koma manambala okha. Mtsikanayo pokhala mwana wa pa msika, ndiye anawatsogolera m'tinjira take. Ndipo pofuna kutamanda amake anati, "Bambo, nsinjiro za amayi anga ndizo zokoma koposa pa msika wonse. Tiyezeko, muone." Mkuluyo anavomera; ndipo mtsikanayo analemba yekha nambala 17 pa kathumbako.

Patapita masiku awiri, chikasu chinatuluka m'kambale. Maso a mtsikanayo anathamangira pa timaenje ta nambala 17, ndipo taonani, tinali totuwa. Powerengera panatuluka 38.

Mtsikanayo anagwira cholembera, dzanja lili njenjenje. Mkulu uja anali pa zenera, atamfulatira. Pamenepo maganizo anamfikira: kadontho kamodzi kokha pakati pa 3 ndi 8, ndipo nambala idzakhala 3.8, yosafika pa malire. Kadontho n'kachiyani? Sikatha ndi inki yomwe. Akakaika, manyazi ake adzachoka pamaso pa anthu amene anawadzitamandira. Sikudzafunikanso kukawawitsa mtima wa amake, amene analibe chuma china koma mtedzawo.

Koma anakumbuka phala la m'mawa, ndi mlongo wake wamng'ono akunyambita chipande. Kadontho kakhoza kusintha buku, koma sikangasinthe zimene zili m'mbale ya mwana. Tsono analemba 38, manambala awiri oonekera bwino, misozi ili m'maso.

Mkuluyo anadza, nayang'ana m'buku, nakhala chete kanthawi. Pomwepo anati, "Tibwereze, kuti tingawanamizire amako." Anagayanso, nayezanso kuyambira pachiyambi, ndipo timaenje tinatuwanso monga poyamba. Mkuluyo anati, "Mwana wanga, sikelo ilibe mbale wake. Koma amako sanachite ichi mwadala. Ukawafunse umo asungira ndi umo aswera mtedza, ndipo tidzapeza polowera chuku."

7. Mawu Ovuta Kunena

Madzulo ake mtsikanayo anapeza amake atakhala pa mkeka, akuwaza madzi pa mulu wa mtedza wa makoko, monga ankachitira masiku onse kuti makoko afewe, zala zingapweteke poswa. Iye yemwe anali atawathandiza kuwaza madziwo kuyambira ali wamng'ono. Anagwada pambali pawo nati, "Amayi, ndili ndi mawu, koma musandikwiyire."

Ndipo anawafotokozera zonse. Amake anaika pansi chikho cha madzi nati, "Iwe, masabata atatu okha wavala chovala choyera, lero wayamba kunyoza nchito imene yakulera? Agogo ako ankaswa mtedza chomwechi. Ine ndadya nsinjiro zimenezi zaka zonsezi, kodi ndafa?"

Mtsikanayo anati, "Iyayi, Amayi, sindikunyoza. Nchito yanu ndiyo yandifikitsa pamene ndili. Koma chinthuchi sichipweteka lero ndi lero. Chimadya chiwindi mwakachetechete. Madzi amene tikuwazawa ndiwo akudzutsa chuku, makamaka tikathira mtedza m'thumba usanaume. Ndipo njere zosweka ndi zokwinyika zimene timasinja, ndizo chimakondamo kukhala."

Amake anati, "Nanga ndikataya zimenezo, ndalama za sukulu yako zidzachokera kuti? M'nkhokwe muli ndowa zitatu za njere zotere. Umenewo ndi mpamba, mwana iwe, si zinyalala."

Mtsikanayo analibe choyankha, pakuti mawuwo anali oona. Anagona osalankhulana.

Kunja kutacha mayiyo anatereka phala monga mwa masiku onse. Anatenga chitini cha nsinjiro, natapa ndi chipande; ndipo kamnyamata kaja kanali chiimire pafupi, mbale ili m'manja. Mayiyo anayang'ana chipande, nayang'ana mwanayo, nthawi yaitali. Pomwepo anabweza nsinjiro m'chitini, napatsa mwanayo phala la mchere wokha. Ndipo anati kwa mwana wake wamkazi, "Chimene sindingapatse mwana wanga, sindingagulitse kwa mwana wa mnzanga. Tenga khasu."

Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, nakwiriramo nsinjiro zija pamodzi ndi njere zoipa. Mnansi wina anati, "Bwanji osapatsa nkhuku?" Mtsikanayo anamuuza kuti chiphecho chidwalitsa nkhuku, ndi kuti ng'ombe ikachidya chitulukira mu mkaka, kotero kupatsa ziweto ndiko kuchibweza m'mbale mwa njira ina.

8. Njira Yatsopano

Kuyambira tsiku limenelo anasintha kachitidwe kawo, potsata malangizo a mkulu uja. Pogula kwa alimi, mayiyo ankagwedeza makoko pa khutu. Njere zikalira m'kati, ankadziwa kuti mtedzawo wauma. Ankakana makoko ong'aluka ndi khasu ndi obooledwa ndi chiswe, pakuti ming'alu ndiyo makomo a chuku. Analeka kuwaza madzi, chinkana zala zinatupa ndipo nchito inachedwa. Matumba anawasanjika pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma. Ndipo madzulo onse ankasankha njere imodziimodzi, nachotsa zowola, zakuda, zobooka ndi zokwinyika. Nsinjiro ankasinja za njere zabwino zokhazokha.

Musayese kuti zonse zinakoma nthawi yomweyo. Nsinjiro za njere zabwino zinakwera mtengo, ndipo ogula ena anapita kwa ogulitsa otsika mtengo. Anzake ena a pa msika anamseka mayiyo, nati wapusitsidwa ndi mwana. Potsegulira sukulu ndalama zinaperewera, kotero kuti mayiyo anagulitsa nsalu zake ziwiri zatsopano, napemphanso kwa mphunzitsi wamkulu kuti alipire zotsala mwezi wotsatira.

Koma sabata lotsiriza la tchuthi, mtsikanayo anatenga kathumba ka nsinjiro zatsopano, napita nako ku labotale. Anatsuka yekha mabotolo, nayeza yekha pa sikelo, mkulu uja akuyang'anira. Pamene nthawi inakwana, timaenje take tinatuluka chikasu chenicheni, ndipo nambala inali pansi pa malire. Mkuluyo anamchenjeza kuti kusankha kuchepetsa chiphe kwambiri, koma sikulonjeza kuti thumba lililonse lidzakhala lotero. Chifukwa chake asatope nako kusamala. Atatero anamgwira chanza, monga agwirana anthu a nchito imodzi.

Madzulo amenewo kamnyamata kaja kanadyanso phala lotendera. Ndipo pa msika mayi wina wogulitsa pafupi, amene anali ndi mwana wa kumsana, anasendera chifupi nafunsa motsitsa mawu kuti, "Anzanga, tandiuzani bwino za madzi aja."

Ana inu, ambiri a inu muthandiza makolo kukumba, kuyanika ndi kuswa mtedza. Simungakhale ndi makina a ku Chitedze, koma maso ndi zala muli nazo. Njere yowawa kapena yakuda musaimeze, ilavuleni. Ndipo pamene mupatsidwa kuyeza kanthu, kapena pa sikelo, kapena m'buku la masamu, kapena pochitira umboni mlandu wa mnzanu, kumbukirani kadontho kamene mtsikana uja sanalembe.

Mafunso

1. Kodi Chitedze ali kuti, ndipo kuchitika nchito yanji?
2. Chifukwa ninji mkulu woyeza anayamba ndi kumtsukitsa mabotolo mtsikanayo?
3. Chinachitika n'chiyani ku England m'chaka cha 1960?
4. Tchulani zinthu zinayi zimene zithandiza kuti chuku chisalowe mu mtedza.
5. Ngati njere imodzi ilemera theka la galamu, m'thumba la makilogalamu 25 mulowa njere zingati?
6. Kodi mayi uja anataya chiyani pokwirira nsinjiro, ndipo anapulumutsa chiyani?